Lamulo la inshuwalansi ndi dialysis ya kunyumba: tanthauzo lake kwa odwala impso a m'boma la Nkhata Bay

Munthu amene impso zake zasiyiratu kugwira ntchito amatsala ndi njira ziwiri zokha zopitirizira moyo. Njira yoyamba ndi kumuika impso ya munthu wina, ndipo yachiwiri ndi kumusefa magazi nthawi ndi nthawi, chithandizo chomwe achipatala amachitcha dialysis. M'dziko muno chithandizochi chakhala chikupezeka m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, kutali ndi madera monga Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya m'boma la Nkhata Bay.

Maiko ena anachepetsa vuto la mtunda pokhazikitsa malamulo okakamiza thumba la boma la zaumoyo kapena makampani a inshuwalansi kulipira dialysis yomwe wodwala amachitira kunyumba kwake. Dziko la Malawi lilibe lamulo lotere. Nkhani ino ikufotokoza chomwe dialysis ya kunyumba ili, momwe malamulo a maiko ena amagwirira ntchito, komanso mfundo zomwe lamulo lotere liyenera kukhala nazo kuti lipindulire munthu wa m'mbali mwa nyanja.

Matenda a impso ndi zomwe zimawayambitsa

Ntchito ya impso ndi kuchotsa zoipa m'magazi komanso madzi osafunika m'thupi kudzera mu mkodzo. Impso zimatha kufooka mwadzidzidzi, monga pamene munthu wadwala malungo aakulu, watsekula m'mimba kwambiri kapena wataya magazi ambiri pobereka. Wodwala wotere akathandizidwa msanga, kawirikawiri impso zake zimachira. Koma impso zimathanso kufooka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu osamva ululu, ndipo zikafika potheratu sizibwereranso mwakale.

Matenda omwe amawononga impso kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organisation m'chaka cha 2009, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse a zaka zapakati pa 25 ndi 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Kachilombo ka HIV, kumwa mankhwala opha ululu mopitirira muyeso komanso mankhwala ena azitsamba nazo zimawononga impso. Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja pali chiopsezo china, chomwe ndi likodzo. Likodzo likakhalitsa osachizidwa limatha kutseka njira za mkodzo, zomwe zimapweteka impso.

Chithandizo chomwe chakhala chikupezeka

Dialysis inayamba kuperekedwa m'chipatala cha boma m'chaka cha 1998 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre chinayamba m'chaka cha 2011. M'zipatala za boma wodwala salipira kanthu, koma makina ndi ochepa poyerekeza ndi anthu owafuna. Zipatala zina zolipira, monga Mwaiwathu ku Blantyre, nazo zakhala zikupereka chithandizochi kwa omwe angakwanitse. Ofuna kuikidwa impso ina amatumizidwa kunja, makamaka ku India.

Dialysis ya m'chipatala imagwiritsa ntchito makina omwe amakoka magazi kuchoka m'thupi, kuwasefa ndi kuwabwezeranso. Wodwala amakhala pa makinawo kwa maola pafupifupi anayi. Muyezo wa maiko ambiri ndi katatu pa sabata, koma m'zipatala za boma m'dziko muno odwala ambiri akhala akulandira kawiri pa sabata. Izi zikutanthauza maulendo oposa 100 pachaka, moyo wonse, popanda kudumphitsa.

Kwa zaka zoposa makumi awiri chiyambireni 1998, wodwala wa m'chigawo chakumpoto ankayenera kupita ku Lilongwe. Kuchokera ku Chintheche, kudzera mumsewu wa M5 wodutsa ku Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, mtundawu umapitirira makilomita 300. Palibe munthu angayende ulendo wotere kawiri sabata iliyonse. Mapeto ake banja limasankha pakati pa kusamukira mumzinda, kusiya munda, bwato ndi ana a pasukulu, kapena kubwerera kumudzi ndi wodwalayo kukadikira imfa.

Ngakhale ulendo wa ku Mzuzu, komwe kuli chipatala chachikulu cha chigawochi, si wofanana kwa anthu onse a m'bomali. Munthu wa ku Mpamba, m'dera la Mfumu Yaikulu Timbiri, ali pamsewu wa tala wopita ku Mzuzu. Wa ku Chintheche ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kumwera kwa boma la Nkhata Bay, ndipo wa ku Kande, kwa Mfumu Yaikulu Fukamapiri, ali kutsogolo kwa pamenepo. Wa ku Usisya, kwa Mfumu Yaikulu M'bwana, amadalira msewu wa m'mapiri womwe umavuta m'nyengo ya mvula, apo ayi maboti ndi sitima ya Ilala. Malinga ndi kalembera wa 2018, boma la Nkhata Bay linali ndi anthu pafupifupi 285,000, ndipo ambiri a iwo amakhala m'midzi yotere.

Dialysis ya kunyumba ndi chiyani

Pali mitundu iwiri ya dialysis yomwe munthu angachitire kunyumba. Mtundu woyamba ndi kuika m'nyumba makina osefera magazi ofanana ndi a m'chipatala. Njirayi inayamba m'chaka cha 1964 m'mizinda ya Seattle, Boston ndi London. Imafuna magetsi osathimathima komanso madzi oyeretsedwa bwino oposa malita 100 nthawi iliyonse yomwe wodwala akusefedwa magazi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira magetsi, choncho njirayi siingafikire midzi yambiri.

Mtundu wachiwiri ndi dialysis ya m'mimba, yomwe madokotala amaitcha peritoneal dialysis. Dokotala amaika kachubu kofewa pamimba ya wodwala kudzera mu opaleshoni yaing'ono. Wodwala amathira m'mimba mwake madzi a mankhwala okwana malita awiri kudzera m'kachubuko. Nembanemba yomwe imakuta matumbo imagwira ntchito ngati sefa: zoipa za m'magazi zimalowa m'madziwo, ndipo pakatha maola anayi kapena asanu ndi limodzi wodwala amawatulutsa ndi kuthiramo ena atsopano. Kusintha madzi kumatenga mphindi pafupifupi 30 ndipo kumachitika kanayi patsiku. Njira yochita ndi manja imeneyi anaifotokoza koyamba akatswiri awiri, Robert Popovich ndi Jack Moncrief, ku Texas m'dziko la America m'chaka cha 1976.

Ubwino wa njirayi ndi woti siifuna makina kapena magetsi. Thumba la madzi amalipachika pamalo okwera ndipo madziwo amatsika okha. Wodwala amagona m'nyumba mwake, amatha kugwira ntchito zopepuka, ndipo amaonana ndi dokotala mwa apo ndi apo osati kawiri pa sabata. Mphunzitsi wa ku Kande kapena mlangizi wa zaulimi wa ku Mpamba angapitirize ntchito yake osapempha kusamutsidwa.

Koma njirayi ili ndi zolemetsa zake. Wodwala mmodzi amafuna malita asanu ndi atatu patsiku, omwe ndi matumba 120 kapena malita 240 pamwezi. Kulemera kwake n'kofanana ndi matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50, ndipo katunduyu ayenera kufika pakhomo mwezi ndi mwezi osalephera. Madziwa amachokera kunja kwa dziko, motero amafuna ndalama zakunja. Chiopsezo chachikulu ndi majeremusi omwe angalowe m'mimba kudzera m'kachubu ndi kutupitsa nembanemba ija. Chizindikiro chake ndi kupweteka kwa m'mimba ndi madzi otuluka ali mbuu, ndipo wodwala ayenera kulandira mankhwala tsiku lomwelo. N'chifukwa chake pamafunika chipinda chaukhondo, sopo ndi madzi abwino osambira m'manja. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, womwe unakhudza kwambiri boma la Nkhata Bay, unaonetsa kuti madzi aukhondo si chinthu chomwe khomo lililonse la m'mbali mwa nyanja lili nacho.

Zomwe malamulo a maiko ena amanena

Dziko la America linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1972 lomwe linalowetsa odwala impso m'thumba la boma la Medicare posaona msinkhu wawo. Poyamba kalipiridwe kake kanachititsa kuti odwala ambiri akhamukire m'zipatala, ndipo chiwerengero cha ochitira kunyumba chinatsika. M'chaka cha 1978 aphungu anakonza lamulolo kuti lilimbikitse dialysis ya kunyumba. Mwa zina, wodwala yemwe wayamba maphunziro odzithandiza yekha amayamba kulipiriridwa kuyambira mwezi woyamba, pamene wa m'chipatala amadikira miyezi itatu. Ngakhale zinali choncho, odwala ochuluka anapitirizabe kupita kuchipatala, ndipo m'chaka cha 2019 boma la dzikolo linatulutsanso ndondomeko ina yolimbikitsa njira ya kunyumba. Phunziro lake ndi loti lamulo likangonena kuti chithandizo chilipiridwe, osaunika momwe zipatala zimapindulira, njira ya kunyumba imatsalira m'mbuyo.

Ku South Africa, komwe anthu ambiri a ku Nkhata Bay akhala akupita kukagwira ntchito kuyambira kalekale, kuli lamulo la Medical Schemes Act la 1998. Lamuloli linaika mndandanda wa matenda omwe bungwe lililonse la inshuwalansi ya zaumoyo liyenera kulipira, posatengera kuti membala ali pa ndondomeko yotsika mtengo kapena yokwera. Kuyambira m'chaka cha 2004 mndandandawu unaphatikizapo matenda a mgonagona, ndipo matenda a impso ali m'gululi. Koma lamuloli limateteza okhawo omwe ali pa inshuwalansi, omwe ndi ochepa. Ena onse amadalira zipatala za boma, zomwe zimasankha odwala chifukwa cha kuchepa kwa makina. M'chaka cha 1997 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mlandu wa a Thiagraj Soobramoney, omwe chipatala cha boma ku Durban chinawakaniza dialysis. Bwalolo linati boma silingakakamizidwe kupereka chithandizo chopitirira chuma chomwe lili nacho, ndipo a Soobramoney anamwalira patangotha masiku ochepa.

Dziko la Thailand linatsata njira ina. M'chaka cha 2008 linalowetsa dialysis m'ndondomeko yake ya zaumoyo ya anthu onse, yomwe imayendera ndalama za msonkho, ndipo linalamula kuti wodwala aliyense ayambe ndi dialysis ya m'mimba pokhapokha ngati pali chifukwa cha chipatala chomuletsa. Boma limagula madzi a mankhwala mochuluka pamtengo wotsika, ndipo a positi ofesi amakatula matumbawo pakhomo pa wodwala. M'chaka cha 2022 dzikolo linamasula lamuloli kuti wodwala azisankha yekha. Anthu ambiri anathamangira ku makina a m'zipatala, ndalama zogwiritsa ntchito zinakwera kwambiri, ndipo m'chaka cha 2025 boma linabwereranso ku ndondomeko yoyamba ija. Mzinda wa Hong Kong nawo wakhala ukutsata mfundo yoyamba ndi dialysis ya m'mimba kuyambira m'chaka cha 1985.

Momwe malamulo a dziko lino alili

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, m'gawo 13, amaika udindo pa boma wopereka chithandizo cha zaumoyo chokwanira molingana ndi zosowa za anthu. Gawo 30, lomwe limakamba za ufulu wa chitukuko, limati anthu onse akhale ndi mwayi wofanana wopeza chithandizo cha zaumoyo. Mfundo ya mwayi wofanana imeneyi ndi yomwe ikukhudza wodwala wa ku Usisya pomuyerekeza ndi wa mumzinda wa Lilongwe.

Ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo, kuyambira Essential Health Package ya 2004 kufikira Health Sector Strategic Plan III ya 2023 mpaka 2030, zimatchula chithandizo chomwe boma limaika patsogolo. Izi ndi ndondomeko osati malamulo, ndipo wodwala sangazigwiritse ntchito kukakamiza kampani ya inshuwalansi. Mabungwe a zachuma, kuphatikizapo a inshuwalansi, amayang'aniridwa ndi Gavanala wa Banki Yaikulu ya Reserve motsatira lamulo la Financial Services Act la 2010. Kuyang'anira kumeneku kumaona kwambiri ngati bungwe lili ndi chuma chokwanira komanso ngati likuchita chilungamo kwa makasitomala. Chithandizo chomwe membala amalandira chimadalira mgwirizano womwe anasaina, ndipo migwirizano yotere kawirikawiri imakhala ndi malire a ndalama za pachaka.

Mfundo yofunika kwambiri ndi chiwerengero cha anthu omwe ali pa inshuwalansi. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 99 mwa 100 alionse ndi abambo 98 mwa 100 alionse analibe inshuwalansi ya zaumoyo. Mabungwe monga Medical Aid Society of Malawi amatumikira makamaka anthu olembedwa ntchito. M'boma la Nkhata Bay anthu otere ndi monga ogwira ntchito m'boma, m'malo ogona alendo komanso ena a m'minda ya mphira ndi tiyi. Msodzi wa usipa ndi mlimi wa chinangwa sali m'gululi. Mosiyana ndi dziko la Zambia, lomwe linakhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse kudzera m'lamulo la 2018, Malawi amadalira ndalama za msonkho ndi za abwenzi akunja.

Choncho lamulo lokakamiza makampani a inshuwalansi okha lingafikire anthu ochepa zedi. Komabe lingakhale ndi phindu lina: wodwala wa inshuwalansi akamathandizidwa kunyumba, malo ake pa makina a boma amatsala kwa munthu wina wosauka, ndipo ogulitsa madzi a mankhwala amakhala ndi msika wodalirika womwe ungatsitse mtengo.

Mfundo zomwe lamulo liyenera kukhala nazo

Zomwe zachitika m'maiko enawa zikuonetsa kuti mawu oti "dialysis ya kunyumba ilipiridwe" paokha ndi osakwanira. Lamulo kapena ndondomeko zake ziyenera kutchula chilichonse chomwe chimapanga chithandizochi.

Choyamba, litchule zonse zoyenera kulipiridwa: opaleshoni yoika kachubu, madzi a mankhwala, zipangizo zaukhondo, kuyeza magazi, mankhwala oonjezera magazi ndi ochepetsa kuthamanga kwake, komanso chithandizo cha pamene m'mimba mwalowa majeremusi. Chimodzi chikasiyidwa, banja ndilo limalipira, ndipo ambiri amasiyira panjira.

Chachiwiri, mtengo wonyamula katundu mpaka pakhomo kapena pachipatala chapafupi ukhale mbali ya chithandizo. Kwa wodwala wa ku Usisya izi zikutanthauza kulipira boti komanso kusunga matumba a miyezi iwiri kapena itatu mvula isanayambe.

Chachitatu, maphunziro a wodwala ndi womusamalira alipiridwe. Maphunzirowa amatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ayenera kuperekedwa m'chiyankhulo chomwe banja limamva bwino, chomwe m'madera ambiri a bomali ndi Chitonga. Aphatikizepo malangizo a zakudya, poti wodwala wa dialysis ya m'mimba amafunika zakudya zomanga thupi monga nsomba, koma achepetse mchere.

Chachinayi, lamulo liletse malire a ndalama omwe amatha chaka chisanathe, komanso kukana munthu chifukwa choti anadwala kale asanalowe inshuwalansi. Dialysis ikadukiza kwa masiku owerengeka moyo wa wodwala umakhala pachiswe.

Chachisanu, wodwala akhale ndi ufulu wosamukira ku makina a m'chipatala ngati njira ya m'mimba yakanika. Nembanemba ya m'mimba imafooka pakapita zaka, ndipo si wodwala aliyense amene thupi lake kapena nyumba yake ingalole njirayi.

Chachisanu ndi chimodzi, pakhale thumba la boma lolipirira omwe alibe inshuwalansi, ndipo madzi a mankhwala agulidwe pamodzi kudzera ku Central Medical Stores Trust kuti odwala a boma ndi a inshuwalansi apindule ndi mtengo umodzi.

Udindo wa maofesi a boma

Lamulo lotere lingayambire ku Unduna wa Zaumoyo, womwe ungakonze mfundo zake mothandizana ndi Unduna wa Zachuma ndi Banki Yaikulu. Unduna wa Zamalamulo ndiwo umalemba bilu, yomwe imadutsa ku nduna za boma isanapite ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu akaivomereza, Mtsogoleri wa dziko amakhala ndi masiku 21 oti asaine, ndipo lamulo limayamba kugwira ntchito likasindikizidwa mu Gazette.

Koma ntchito yeniyeni ingagwere khonsolo ya boma la Nkhata Bay ndi ofesi yake ya zaumoyo. Chipatala cha boma cha pa Mkondezi chingafunike anamwino ophunzitsidwa za impso ndi labotale yotha kuyeza madzi otuluka m'mimba. Chipatala cha Chintheche ndi zipatala zing'onozing'ono za Kande, Mpamba ndi Usisya zingafunike malo ouma osungira matumba, mankhwala opha majeremusi komanso njira yolumikizirana ndi dokotala pa foni. Alangizi a zaumoyo, omwe amadziwa khomo lililonse, ndiwo angaunike ngati nyumba ili yoyenera. Mafumu nawo ali ndi gawo pothetsa mantha ndi mphekesera zokhudza munthu yemwe ali ndi kachubu pamimba.

Dialysis ya mtundu uliwonse ndi yokwera mtengo, ndipo ndalama zosamalira wodwala mmodzi pachaka zingagule mankhwala a kuthamanga kwa magazi a anthu ambirimbiri. Pachifukwachi lamulo la dialysis liyenera kuyendera limodzi ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mkodzo m'zipatala za m'midzi, komanso kupereka mankhwala a likodzo m'sukulu za m'mbali mwa nyanja. M'mwezi wa May 2025 msonkhano waukulu wa World Health Organisation unavomereza mfundo yoyamba yokhudza umoyo wa impso, yomwe ikupempha maiko kuphatikiza kupewa, kuyeza msanga ndi chithandizo m'ndondomeko zawo. Tsiku lokumbukira matenda a impso padziko lonse limachitika Lachinayi lachiwiri la mwezi wa March chaka chilichonse.